Mawondo a Kipa wa Thornby Mills

Komiti ya timu ya kiriketi ya Thornby Mills inali ndi luso limodzi limene palibe akanaikanira: nkhani ikakhala yowawa, inkadziwa kupeza munthu wina woti akaiyankhule. Kumapeto kwa chilimwe cha 2018 munthu ameneyo anali Perpetua.

Perpetua ankagwira ntchito ya mafizo pachipatala china mu Leicester. Loweruka lililonse nyengo ya masewero ankakwera basi ya ku Wigston kukamanga mabandeji osewera a timuyo ndi kuwawongola minofu. Masewerowo sankamukoka mtima ngakhale pang'ono. Zaka zisanu ali m'mbali mwa bwalo anali asanamvetsebe chimene chimachititsa amuna a ndevu zawo kuvala zoyera, kuima padzuwa tsiku lonse kulondera timitengo titatu, kenako n'kuimitsa zonse kuti amwe tiyi. Koma mawondo ankawadziwa. Choncho komiti itamufunsa za mawondo a Aamir, ananena zimene manja ake ankamva sabata iliyonse: lakumanzere linatha kale, lakumanja lili m'njira.

Aamir anali kipa. Pa kiriketi kipa ndi uja amanjuta kumbuyo kwa timitengo kudikira mpira umene womenya wauphonya. Amanjuta, kudzuka, kunjutanso, kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka. Osewera ena onse a Thornby Mills anali aphunzitsi, okonza mapaipi ndi anyamata a ku koleji ongosewera pokonda. Aamir yekha ndiye ankalandira malipiro. Chilimwe ankasewera, nyengo yozizira ankaphunzitsa ana m'holo, ndipo banja lake linkadya pamenepo. Analowa timuyo asanamere ndevu, tsopano anali akuyandikira zaka makumi anayi, ndipo kapusi ya timu ina anali asanaivalepo.

Lolemba madzulo, msonkhano wa komiti utatha, tcheyamani, mzungu wachikulire wogulitsa matayala, anamutengera Perpetua pambali poimika magalimoto.

"Tagwirizana," anatero m'Chingerezi chake chozungulirazungulira. "Chaka chamawa tikubweretsa mnyamata wa ku South Africa. Aamir sitimupatsanso kontirakiti. Zikutipweteka tonse, kunena zoona."

"Ndiye mumuuza liti?"

"Apo ndi pamene tikufuna thandizo lanu. Inu ndi iye ndinu ochokera kumodzi. Akamva kwa munthu wakwawo, m'chinenero chake, sizimulasa kwambiri."

Perpetua akanatha kuyankha kuti kwawo ndi ku Mulanje, pamene Aamir anachoka ku Limbe asanayambe n'komwe sukulu, ndipo Chichewa chake chimathera pa moni ndi mawu awiri atatu otukwana. Akanathanso kufunsa ngati tcheyamani watupa kukamwa. Koma analeredwa kuti munthu wa imvi akakutuma sumufunsa chifukwa, ndipo "chabwino" anatuluka pakamwa mutu usanaganize.

"Chinthu chimodzi," tcheyamani anawonjezera, kiyi wa galimoto ali kale m'manja. "Timu ina ya ku Nottingham ikumufuna kuti akakhale kochi wawo. Ntchito yabwino, ya zaka zingapo, yosafuna kunjuta. Akufuna yankho sabata ino. Mukumudziwa Aamir, aliyense womufuna amamukana. Mumuuze msanga, asawakane amenewa."

Kunyumba, mwamuna wake Bennet, dalaivala wa basi amene ankakonda njira zachidule pa chilichonse, sanaone chovuta.

"Ingomuimbira pompano."

"Nkhani ya ntchito ya munthu pafoni? Mukundiona ngati ndine wa kukhonsolo?"

"Ndiye mutumizire meseji, umuuze kuti asayankhe aliyense mpaka muonane."

"Meseji ngati imeneyo munthu angagone nayo? Ndipita mawa ndikangomaliza shifiti. Ndikamuuza maso ndi maso, ngati munthu."

Apa tisamunamizire Perpetua, cholinga chake chinali chabwino. Ambiri mwa anthu amene amawononga zinthu za anzawo amanyamuka kunyumba ndi cholinga chabwino, atasita ndi bulauzi yomwe.

Aamir ankakhala ku Evington ndi mkazi wake, ana awiri ndi mayi ake, a Zaibunisa. Mayi amenewa anakulira kuseri kwa sitolo ya bambo awo ku Limbe, ndipo Chichewa anachiphunzirira pamsana pa mayi amene ankawalera. Perpetua anawadziwa tsiku lake loyamba kubwalo, pamene anamva mawu kumbuyo kwake akukalipira woyimbira masewero: "Wakhungu iwe! Maso unasiya kunyumba?" Atacheuka anaona mayi wachimwenye wa mpango kumutu, fulasiki ili pamwendo. Anaseka mpaka misozi, mayiwo n'kumugwira dzanja osamutaya masewero onse. Kuyambira pamenepo anali "mwana wanga". Anzawo a Zaibunisa amene ankacheza nawo Chichewa ambiri anali atapita kumanda, ndipo akamupeza Perpetua ankamufunsa zinthu zimene zinatha iye asanabadwe, ngati mtengo wakutiwakuti ukadalipo pafupi ndi siteshoni ya sitima, ngati amayi akugulitsabe zitumbuwa pakhomo pa msika. Chilimwe cha 2018 kunatentha modabwitsa, udzu wa mu England monse unauma ngati wa mu Okutobala kwathu, ndipo dokotala anawaletsa a Zaibunisa kupita kubwalo chifukwa cha BP.

"Odi, amayi."

"Mwana wanga! Lachiwiri? Kwagwanji? Lowa, vula nsapato."

"Ndabwera ndi mawu kwa achimwene."

"Mawu adikira. Aamir ali m'njira, wakhala kubwalo chiyambire m'mawa kuthirira udzu, sanalawe kanthu. Mkazi wake wapita ndi ana kwa azakhali awo, ndiye tidya atatu. Kasambe m'manja."

Posakhalitsa Aamir analowa akutsimphina, monga ankachitira akamaganiza kuti palibe akumuona. Ataona mlendo anawongoka.

"Achemwali!" anafuula. Mawu amenewo ankawatchula bwino kwambiri, kenako zonse zotsatira zinkabwera m'Chingerezi. Anapereka dzanja lake la zala zokhotakhota, chala chilichonse choloza kwake, chifukwa palibe chimene mpira sunachithyolepo. Anakhala pansi, mayi ake n'kumuikira phiri la mpunga wa biriyani wa nkhuku.

Vuto linagona pamenepa. Kwawo kwa Perpetua munthu sauzidwa zoipa akudya. Tsiku limene bambo ake anamwalira, amalume ake anamulondola kusukulu yogonera komweko n'kumupeza ali ndi mbale ya nyemba. Anakhala pambali n'kumacheza naye za mayeso mpaka anamaliza, nasamba m'manja, ndiyeno anamuuza. Perpetua ankawathokozabe amalumewo mumtima chifukwa cha nyemba zimenezo, pakuti pambuyo pake chakudya chinakana kulowa mpaka maliro atatha. Ndiye ataona Aamir akutapa mpunga ngati munthu wochokera kumunda, anadziuza kuti amusiye amalize kaye. Mbale imodzi ya mpunga ingatenge nthawi yaitali bwanji?

A Zaibunisa sankadziwa kudya chete. Analoza chithunzi china pakhoma, chimene Perpetua anali atachiona kambirimbiri.

"Apo anali mnyamata, mphamvu zili tho. Anabwera anthu a timu yaikulu ya ku Birmingham, masuti, galimoto yaitali. Anakhala pampando wakhalapowo. Malemu bambo ake, a Ayoob, anali atagula kale sutikesi. Iye akuti ayi, ndili ndi timu."

"Amayi, achemwali nkhani imeneyi anaimva kale," anadandaula Aamir.

"Aimvenso. Idya, mwana wanga, ukungotola ngati nkhuku. Ali wamng'ono tinayenda naye matimu atatu, onse akangoona nkhope ankati malo adzaza. Thornby Mills ndi imene inamupatsa magolovesi. Bambo ake atamwalira timu yonse inabwera kumanda, azungu ataima kumbuyo osadziwa poika manja, koma anabwera. Chaka chimene madzi anasefukira n'kuwononga nyumba ya timu, iyeyu anasewera osalandira kalikonse, ine ndikumukalipira tsiku ndi tsiku. Kenako anawatengera chikho, icho chili pachithunzi chinacho. A ku Yorkshire anabweranso, anawakana. Ndinkati mwana ameneyu ndi chitsiru, koma pano ndinamvetsa. Anthu amene aja ndi abale athu."

Zikanakhala bwino tikanati mpunga unamukanira Perpetua pakhosi. Sunamukanire. Anali atachoka kuntchito ndi njala, mpungawo unali wokoma, ndipo kutafuna kunkamupatsa chifukwa chosayankhulira.

Foni ya Aamir inalira patebulo. Anaisuzumira n'kuseka.

"Nottingham," anatero, akupukuta zala.

Perpetua anali ndi nthuli ya nkhuku m'kamwa. Dzanja lake lamanzere linalibe chogwira, akanatha kulikweza. Akanatha kugwetsa tambula, kutsokomola, kukuwa kuti dikirani. Koma m'mbale ya Aamir munali mutatsala mpunga. Anayang'ana mpungawo, n'kuyang'ana a Zaibunisa amene ankamwetulira mwana wawo, n'kudzinamiza kuti mwina anthuwo akungomukumbutsa, mwina awauza kuti ayankha mawa. Anapitiriza kutafuna.

"Mwandilemekeza kwambiri," Aamir ankatero pafonipo, "koma ayi. Ndili ndi timu. Ayi, nthawi yoganiza sindikuifuna, ndingangokuchedwetsani. Mupatseni mnzanga uja, ndi kochi wabwino."

Anaika foni pansi, nabwerera ku mpunga wake, n'kuumaliza wonse.

"Amenewonso apita," anatero a Zaibunisa monyadira, akusonkhanitsa mbale.

Aamir atasamba m'manja anadzakhala pasofa n'kutambasula miyendo.

"Achemwali, amayi akuti muli ndi mawu."

Tsopano zonse zinali m'malo mwake. Munthu anali atadya, atasamba m'manja, atakhala pansi. Mwambo unali utakwanira, chimene chinasowa ndi mtima. Kumuuza tsopano kunali kumuuzanso kuti iye anakhala pomwepo, n'kumaonerera ntchito ikupita. Perpetua anachita mantha, mantha enieni a mwana amene waswa mbale.

"Bondo," anatero. "Ndimafuna ndilione bondo lija Loweruka lisanafike."

"Mwabwera ulendo wonsewu chifukwa cha bondo langa?" Aamir anatembenukira kukhitchini. "Amayi, mwamva? Ndiye anthu azindifunsa chifukwa chake sindichoka."

Perpetua anagwada pakalapeti n'kuyamba kudina bondo lotupalo, nkhope atazyolika kuti wina asaione. Potuluka a Zaibunisa anamupatsira mpunga wina m'kontena ya ayisikirimu kuti akapatse Bennet, ndipo ulendo wonse wa pabasi kontenayo inkamuotcha pamwendo.

Bennet anatsegula kontena, nadya masupuni angapo, ndiyeno anakumbukira kufunsa.

"Wazilandira bwanji?"

Perpetua anafotokoza zonse. Bennet anaika supuni pansi.

"Perpetua, munthu wamupha ndi ulemu."

"Mukanakhala inu mukanatani? Munthu ali pakati pa chakudya, mayi ake ali pomwepo?"

"Ndikanamuimbira dzulo."

Perpetua anafuna kupsa mtima koma analibe poyambira. Analowa kuchipinda n'kukhala pabedi osavula n'komwe yunifolomu.

M'mawa mwake, nthawi ya buleki, anafufuza nambala ya timu ya ku Nottingham n'kuimba ali pakona m'kolido. Anayankha mayi wina wa mawu okoma. Ntchitoyo, anatero, anaipereka dzulo lomwelo kwa munthu wachiwiri, ndipo wavomera kale. Perpetua anaimbira tcheyamani. Mkuluyo anausa moyo kangapo, nati n'zomvetsa chisoni, koma mnyamata wa ku South Africa anasayina kale. Komiti, anatero, iganiza zomugulira Aamir wotchi yapakhoma yolembedwa dzina lake.

"Koma mukamuuzabe, si choncho?" anamaliza motero.

Masiku otsatira chikumbumtima chinamudya. Odwala ake ambiri anali okalamba oikidwa mawondo atsopano, ndipo bondo lililonse limene ankapinda linkamukumbutsa pakalapeti paja. Analemba meseji n'kufufuta, kulembanso n'kufufutanso. Ankadzitonthoza kuti wochotsa Aamir si iye, ndi komiti, ndipo zinali zoona. Koma komiti inangomulanda ntchito imodzi. Yachiwiri, imene ikanamusunga mpaka ana atakula, inapita iye ali pomwepo akutafuna nkhuku.

Loweruka anali masewero omaliza a chaka pabwalo la Thornby Mills. Kuseri kwa chipinda chovalira kunali kachipinda konunkha mankhwala osisitira, ndipo Aamir analowamo akuimba mluzu, nakwera pabenchi n'kupereka mwendo wamanzere. Perpetua anamanga bandeji mpaka kumapeto. Maganizo anamuuza kuti adikire masewero athe, si bwino kusokoneza munthu asanalowe m'bwalo. Koma nthawi yabwino anali ataidikirapo kale kamodzi.

"Achimwene, ndinatumidwa. Komiti sikupatsaninso kontirakiti. Chaka chamawa akubweretsa wina. Anandifunsa za mawondo anu, ndinawauza zoona."

Mluzu unaleka. Panja anyamata ankamenya mpira pokonzekera.

"Za mawondo sindikukana," anatero Aamir pomaliza. "Ndimayenda nawo ndine." Anayesa kumwetulira. "Tcheyamani miyendo yake yatani, kuti alephere kubwera yekha? Ndinanyamula nawo bokosi la mkazi wake, munthu ameneyo." Anapukusa mutu, napuma mozama. "Chabwino. Ndiwaimbira a ku Nottingham, ndiwapepese. Ndichita manyazi, koma mwina akadandifuna."

"Ndinawaimbira kale. Anapatsa wina."

Apa m'pamene Aamir anamuyang'ana bwinobwino.

"Munawaimbira liti?"

"Lachitatu."

"Nanga inu munadziwa liti?"

"Lolemba."

"Lachiwiri munali kwathu."

"Ndinali."

"Foni ija ikulira, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Munali mukudya."

Mawu amenewo ali mumtima ankaoneka olemera, koma atatuluka pakamwa Perpetua anamva yekha kuchepa kwake. Aamir anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndili ndi ana awiri, achemwali."

"Ndikudziwa. Pepani. Ndinalakwa, ndilibe chonena."

Aamir anatsitsa mwendo wamanzere n'kukweza wamanja.

"Mangani bondo linali. Anthu akudikira."

Tsiku limenelo Perpetua anaonera kiriketi koyamba, kutanthauza kuti sanachotse maso pabwalo. Nthaka inali gwaa chifukwa cha dzuwa. Aamir ankanjuta, woponya n'kuthamanga, mpira n'kudutsa, iye n'kudzuka atatsamira dzanja pantchafu, n'kunjutanso. Ankakuwa kulimbikitsa anyamata monga mwa masiku onse, moti palibe anazindikira kanthu. Nthawi ya tiyi anakhala ndi mbale ya masangweji osaikhudza, ndipo tcheyamani anapeza chinthu china chofunika kwambiri choti ayang'ane kudenga.

Chakumapeto mpira unakhudza m'mphepete mwa chomenyera n'kuuluka chapansipansi kumanja. Aamir anadziponya thupi lonse n'kuugwira ndi golovesi imodzi usanagunde pansi. Anzake anathamanga kudzamukumbatira. Tcheyamani anaimirira n'kuwomba m'manja kuposa aliyense, akufuula kuti "Aamir wathu!", ndipo mphezi sinamugwere. Aamir anachedwa kudzuka. Perpetua anatola chikwama chake kuti athamangire m'bwalo, koma iye anakweza golovesi kumuletsa, nadzuka yekha.

Masewero atatha Perpetua anamupeza poimika magalimoto akulonga zida zake.

"Mkazi wanga ndimuuza ndekha," anatero Aamir osacheuka. "Koma amayi mukawauze inu."

"Achimwene..."

"Munatumidwa kunyumba kwathu, uthenga simunaufikitse. Amayi akhala zaka zonsezi akuuza aliyense kuti anthu awa ndi abale athu. Ine sindingawayang'ane kumaso n'kuwauza zimenezi. Mawa masana nditenga banja kupita kupaki, mudzawapeza okha."

Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Perpetua akanakonda akanamutukwana ndi mawu awiri atatu a Chichewa aja.

Lamulungu anachoka kutchalitchi osamva n'komwe zimene abusa analalikira, nakwera basi ya ku Evington. A Zaibunisa anatsegula chitseko nkhope ili ngwee.

"Kawiri sabata imodzi! Ndiye ndili ndi mwayi chaka chino. Lowa, lowa. Andisiya ndekha anthu awa, ndadya ndekha ngati mfiti. Dikira ndikupakulire."

Perpetua anavula nsapato n'kuwatsatira kukhitchini. Sanakhale pampando. Anagwada pafupi ndi chitseko, manja pamodzi.

"Sindidya, amayi."

Zaka zisanu anali asanakanepo chakudya m'nyumba imeneyo. Chipande chinaima m'malere.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi. Ndabwera ndi mawu."

Anawauza zonse mosazungulira: kuti komiti yamuchotsa Aamir, kuti akubweretsa wina, kuti ntchito ya ku Nottingham inapita kwa munthu wina tsiku lomwelo limene anaikana. A Zaibunisa anakoka mpando n'kukhala pang'onopang'ono, mbale yopakulidwa theka ili patsogolo pawo.

"Azungu aja? Amene anabwera kumanda?"

"Omwewo, amayi."

Anayamba kusisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala. Perpetua ankayembekeza kuti ayamba kukalipira komiti, kutchula tcheyamani mayina onse amene ankatchula oyimbira masewero, ndipo mumtima ankalakalaka atatero. Koma mayiwo atadzutsa mutu, maso awo anali pa iye.

"Lachiwiri lija unati wabwera ndi mawu. Anali amenewa?"

"Anali amenewa."

"Unali nawo m'kamwa foni ija ikulira."

"Eya, amayi. Kungoti kwathu munthu akamadya..."

"Mwambowo usandiphunzitse, ndinabadwira komweko." Sanakuwe, mawu awo anangouma. "Iye ankadya, chabwino, sankadziwa kanthu. Ine ndinkabwebweta za abale athu, sindinkadziwa kanthu. Nanga iwe, mwana wanga? Iwe unadya bwanji?"

Perpetua anazyolika. Misozi inagwera pa diresi lake la kutchalitchi, ndipo sanayese n'komwe kuipukuta.

A Zaibunisa anaimirira, nabwezera mpunga uja mupoto, n'kuvundikira. Anatsuka chipande, nachipukuta, n'kuchiika m'malo mwake. Kenako, kwa nthawi yoyamba kuyambira tsiku limene anadziwana, anamuyankhula m'Chingerezi, chija amayankhulira anthu odzawerenga mita ya gasi. Anamuthokoza chifukwa chobwera, n'kupita kukamutsegulira chitseko.